Nyumba za Anthu a Thangata ndi Amene Anagonamo



Pa tsiku la chikondwerero monga lino maso a anthu amakonda kupenya zinthu zazikuru, ndizo nyumba ya mapemphero ya njerwa, belu, ndi sukulu. Ndipo nkoyenera kutero. Koma ife, popatsidwa kanthawi aka kuti tilankhule, tasankha kukukumbutsani za nyumba zina zimene lero simungathe kuziona, pakuti chiswe chinazidya, moto unazitentha, ndipo pamene zinaima pamera tiyi, kapena bulugama, kapena chimanga cha munthu wina. Tikunena tinyumba ta udzu ta anthu a thangata, timene tinali m'minda ya Azungu ku Chiradzulu, ku Zomba, ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre. Ambiri a ife amene tadzaza mabenchi awa ndife adzukulu a anthu obadwira m'menemo. Zina zimene tinene tinazimva pa moto kwa agogo athu, ndipo zaka zache tinazitola kwa iwo amene analemba mbiri ya dziko lino. Tcherani khutu, pakuti nkhani iyi nja kwanu.

1. Mau oti thangata

Poyamba mau awa anali okoma. Kuthangata kunali kuthandizana. Munthu akafuna kukweza denga, kapena munda ukamkulira, anali kuitana anansi ache, nawaphikira mowa kapena thobwa, ndipo iwo anadza ndi makasu ao nagwira nchito tsiku limodzi. Mawa lache iye anapita kukathangata wina. Anthu anali kuthangatanso mfumu yao pa munda wache, podziwa kuti pa njala nkhokwe ya mfumu idzatsegukira onse. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo thangata anali mwambi umenewo uli pa nchito.

Koma mau amatha kugwidwa ukapolo monga munthu. Pamene eni minda achizungu anafuna dzina la nchito imene munthu ayenera kugwira chifukwa chogona pa malo ao, anatenga mau omwewo. Kuyambira pamenepo thangata anakhala mtengo wa nyumba: wamanga pano, ulima pano, tsono udzagwira nchito ya bwana, ungakhale munda wako uli ndi udzu. Kuthandizana kunatha, kunatsala kukakamiza. Ndipo kufikira lero nkhalamba ikamva mau awa nkhope yache imagwa.

2. Momwe dziko linagawidwira

Dziko lino linalowa m'manja a Angerezi m'chaka cha 1891. Zisanafike pamenepo, Azungu ena anali atapangana kale ndi mafumu, nawapatsa nsaru, mikanda, mfuti ndi wonga, nanena kuti agula dziko. Mafumu sanadziwe kugulitsa nthaka, pakuti kwa ife nthaka siinali malonda. Iwo anayesa kuti alola mlendo kukhala, monga mwa mwambo. Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, kuyambira 1892 anayamba kupereka makalata otsimikiza kuti malo akuti ndi a uje. Motero zigawo zazikuru za nthaka yokoma ya kumapiri kuno zinakhala za anthu owerengeka: kampani ya African Lakes, abale a Buchanan amene malo ao anadzakhala a Blantyre and East Africa Company, Eugene Sharrer amene malo ache anadzakhala a British Central Africa Company, ndi banja la Bruce limene munda wache wa Magomero wokha unaposa maekala 160,000.

M'makalata ambiri munali mau akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe popanda chilolezo cha Boma. Mau amenewa anali abwino pa pepala, koma panali msampha. Makolo athu sanali kulima malo amodzi zaka zonse. Nthaka ikaguga anali kuswa mphanje pena, ndipo mudzi unali kusuntha pakapita zaka. Tsono munthu akangosuntha nyumba yache kutsidya kwa mtsinje, mwini munda anati, Uyu sali pa mudzi wakale, ndi mlendo wanga, alipire. M'chaka cha 1903 woweruza Nunan anaweruza mlandu wa Blantyre and East Africa Company, naonetsa poyera kuti eni dziko akale sayenera kukakamizidwa kulipira malo a makolo ao. Koma chiweruzo chinatsala ku bwalo, ndipo kuminda zinthu zinapitirira monga kale.

3. Alendo ochokera kum'mawa

Amene anasenza goli lolemera koposa ndiwo Alomwe. Iwo anayamba kulowa m'dziko lino mwaunyinji chakumapeto kwa zaka za 1890, kuchokera ku dziko la Apwitikizi, kuthawa nkhondo, msonkho wankhanza, chibalo ndi njala. Anadza pansi, mabanja mabanja, akazi atasenza mitanga ndi miphika, amuna atanyamula nkhwangwa ndi mbeu za chinangwa, nadzera ku Mulanje ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Kalembera wa 1921 anawapeza oposa 120,000, ndipo wa 1945 anawapeza pafupi ndi 380,000.

Eni minda anawalandira ndi manja awiri, osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa khofi, thonje, fodya ndi tiyi zifuna manja ambiri pa nyengo ya mvula, nyengo yomweyo imene munthu waufulu safuna kusiya munda wache. Mlomwe analibe mudzi wakale woti autchule, analibe mfumu yomnenera, ndipo kubwerera kumene anachokera kunali kubwerera ku moto. Chifukwa chache anavomera zonse. Anapatsidwa malo omangapo ndi kamunda, ndipo mwini munda anasankha mmodzi wa iwo, kawirikawiri kapitao wache, namuika kukhala nyakwawa ya mudzi. Midzi yambiri imene tikhalamo lero inayamba motero, ndipo maina ache ndi maina a akapitao ndi atsogoleri a maulendo aja. Anthu anawatcha dzina lachipongwe, limene sitifuna kulibwereza pano; koma manja ao ndiwo anatsegula minda imene inalemeretsa dziko lino.

4. Mamangidwe a nyumba

Tsopano tiyeni tilowe m'kanyumba kameneko. Weramani, pakuti khomo nlalifupi.

Mwamuna anadula nsichi nazizika mozungulira, nazimanga ndi mbariro ndi luzi. Anakonza phaso la nsungwi, ndipo anzache anamthandiza kukweza denga. Akazi anamweta udzu, natunga madzi oponda dothi, namata zipupa, nazira pansi ndi dothi lakuda kufikira pasalala. Chitseko chinali cha bango kapena cha nsungwi, chotsekedwa ndi mpiringidzo. Zenera panalibe. Pakati panali mafuwa atatu, ndipo utsi unaturukira m'denga, nulidetsa ndi mwaye. Pamwamba pa moto panali tsanja poumitsira mbeu ndi ndiwo zofutsa. Chuma chonse cha banja munthu akanatha kuchiwerenga ndi zala: mphasa, mtsuko, nkhali, mthiko ndi chipande, lichero, khasu, nkhwangwa, ndi nsaru imodzi imene usana inali chobvala, usiku chofunda. Kunja kunali mtondo, kankhokwe, ndi makaka oyanikidwa pa denga. Usiku nkhuku zinagona momwemo kuopa afisi ndi avumbwe. Nsikidzi, utitiri ndi matekenya zinali za m'banja, ndipo pa mvula ya usiku mai anali kusuntha ana kufuna pouma.

Wina adzati, Nanga nyumba zonse za nthawi ija sizinali zotero kodi? Inde, mamangidwe anali amodzi, koma mtima wa womanga unali wosiyana. Munthu wa pa nthaka ya mfumu anamanga podziwa kuti adzafera pomwepo. Anabzala mango ndi nthochi, nakuza khonde chaka ndi chaka. Munthu wa pa munda wa bwana anamanga ngati wa paulendo. Adzaumbiranji njerwa pa malo amene mawa angauzidwe kuti achoke? Adzabzaliranji mtengo umene zipatso zache adzadya wina? M'minda ina ngakhale kudula mtengo wa nsichi kunali mlandu popanda chilolezo. Ndiponso nyengo yomweta udzu ndi yofolera ikapita munthu ali pa tikiti, denga linagona chaka china lili lovunda. Umphawi wa nyumba zija sunali ulesi, monga ena ananenera. Unali mantha a munthu wosadziwa za mawa.

5. Nyumba yowerengedwa

Kanyumba aka, kangakhale kanali konyozeka, Boma linali kukawerenga. M'chaka cha 1894 msonkho wa nyumba unaikidwa pa mashilingi 3 pa chaka. Pofika 1902 unali mashilingi 6, koma munthu wogwira nchito ya Mzungu mwezi umodzi analipira 3 okha. Onani tsono msampha wachiwiri: msonkho unaikidwa motero dala kuti anthu aturuke m'midzi kukagwira nchito. Wolephera kulipira anali kutenthedwera nyumba ndi asilikari, ndipo nthawi zina mkazi wache anagwidwa kufikira mwamuna apeze ndarama.

Chotero wokhala pa munda wa bwana anali ndi ngongole ziwiri: mwezi umodzi wa malo, mwezi wina wa msonkho. Koma mwezi wa thangata sunali mwezi wa kumwamba umene tonse tiuona. Unali mwezi wa pa tikiti, ndipo tsiku linalembedwa pokhapo munthu atatsiriza mgwazo umene kapitao anamuyezera. Ukalephera kutsiriza, tsiku lija lapita pachabe. Motero miyezi iwiri inatha kukhala itatu, inai, kapena kuposa, ndipo inagwa pa dzinja, pamene chimanga cha mwini nyumba chifuna kupalira. Malipiro nthawi zina sanali ndarama koma masamba a fodya. M'minda ina akazi amasiye ndi osakwatiwa anagwidwanso thangata chifukwa anali ndi nyumba zaozao. Chikoti sichinali patali.

Agogo athu aakazi anali kutiuza kuti iwo anali kupalira okha, mwana ali kumbuyo, kuyambira kusanache. Ndipo kuti njala ya mwezi wa Febuluwale inali mlendo wa chaka ndi chaka, amene anali kumchereza ndi chinangwa, nandolo ndi kalongonda wophikidwa tsiku lonse kuti ululu wache uchoke. Sanali kunena izi modandaula, koma monga munthu anena za phiri limene anakwera kale.

6. Magomero

Dzina la Magomero liyenera kunenedwa mwapadera, pakuti pamenepo mbiri inazungulira modabwitsa. M'mwezi wa Julayi 1861 David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie anamasula akapolo 84 pa mudzi wa Mbame, napita nao ku Magomero kukayamba mudzi wa anthu omasulidwa. Mudzi umenewo sunakhalitse. Bishopu anamwalira m'Januwale 1862, ndipo nkhondo ndi njala zinabalalitsa otsala. Patapita zaka makumi atatu, malo omwewo anagulidwa ndi Alexander Low Bruce, mwamuna wa Agnes, mwana wamkazi wa Livingstone. Iye anamwalira mu 1893 asanaponde dziko lino, ndipo munda unadzakhala m'manja a mwana wache, Alexander Livingstone Bruce. Woyang'anira wache anali William Jervis Livingstone.

Pa munda umenewo thangata analemera koposa, ndipo sukulu ndi nyumba za mapemphero zinaletsedwa. M'malire mwache, ku Mbombwe, Mbusa John Chilembwe anayamba Providence Industrial Mission m'chaka cha 1900, atabwera ku America. Iye anaphunzitsa anthu kuwerenga, kubvala mwaulemu ndi kumanga ndi njerwa, ndipo ambiri a omtsata anali anthu a thangata. Pamene iwo anamanga timatchalitchi ta udzu m'midzi yao ya pa munda wa Bruce, woyang'anira anatitentha. Taganizani, abale: munthu analoledwa kumanga pogona kuti mawa adzuke kukagwira nchito, koma sanaloledwe kumanga poti mwana wache aphunzire chilembo.

Usiku wa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anaukira, napha W. J. Livingstone ndi Azungu ena awiri. Akazi ndi ana sanawapweteke. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chache cha njerwa chinagumulidwa, ambiri anaphedwa, mazana anamangidwa, ndipo midzi inatenthedwa, tinyumba ta olakwa ndi ta osalakwa pamodzi. Sitiimirira pano kuti tikondwere ndi mwazi wa munthu ali yense. Koma bungwe limene Boma linaika kufufuza nkhaniyi linavomereza m'lipoti lache la 1916 kuti machitidwe a pa munda wa Bruce anali ankhanza. Mishoni ya ku Mbombwe inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malikebu, ndipo lero dziko lonse likumbukira Chilembwe pa 15 Januwale.

7. Tinyumba ta kwao kwa Azungu

Pali chinthu chimene agogo athu sanachidziwe, chimene chikanawadabwitsa. Kwao kwa Azungu aja kunalinso anthu osauka okhala m'tinyumba ta udzu pa nthaka ya eni. Agogo ache a David Livingstone anali mlimi wosauka pa chisumbu cha Ulva ku Scotland, ndipo anachokako mu 1792 chifukwa kamunda sikanathe kudyetsa banja, napita kukagwira nchito pa fakitale ya thonje ku Blantyre wa kumeneko. David anabadwa mu 1813 m'nyumba ya anchito, banja lonse m'chipinda chimodzi, nalowa nchito ya thonje ali ndi zaka khumi. Amene anatsala pa Ulva anaona zoopsa: mbatata zao zitagwidwa ndi matenda mu 1846, mwini chisumbu anachotsa anthu mazana m'zaka zochepa, kuti pa malo pao adyetsepo nkhosa, ndipo makoma a nyumba zao aima opanda madenga kufikira lero.

Alimi osauka a kumapiri a Scotland analimbana zaka zambiri, ndipo mu 1886 lamulo linaturuka lowateteza, kuti mwini nthaka asawachotse mwa kufuna kwache, ndi kuti lendi iyesedwe mwachilungamo. Zitachitika izi, anthu kumeneko anayamba kumanga nyumba zolimba, pakuti anadziwa kuti adzakhala. Werengani zaka: 1886 kumeneko, 1892 kuno. Zaka zisanu ndi chimodzi zokha zinapita pakati pa kumasulidwa kwa alimi a ku Scotland ndi kumangidwa kwa alimi a kuno, ndipo ena a omanga anali ana a dziko lomwelo. M'chaka cha 2018 anthu ochepa otsala pa Ulva, pamodzi ndi anansi ao a ku Mull, anagula chisumbu chija kuti chikhale cha anthu okhalapo.

Tanena izi kuti tione kuti nkhanza iyi siikhala m'khungu. Mdzukulu wa munthu wosowa malo akhoza kukhala wochotsa anzache, akaiwala kumene anachokera. Mau awa tidzabwerera nao kwa ife tokha tisanakhale pansi.

8. Lamulo la 1928 ndi mkamwini

Itatha nkhondo ya Chilembwe, Boma linayesa mu 1917 kulamula kuti malo alipiridwe ndi ndarama m'malo mwa nchito. Koma eni minda anaopseza kuti adzachotsa onse osagwira nchito, ndipo lamulo linafooka. Mu 1928 linaturuka lamulo lina la anthu okhala m'minda ya eni. Linati munthu akhoza kulipira ndi ndarama, kapena ndi nchito, kapena ndi kugulitsa mbeu zache kwa mwini munda. Ndipo lendi m'madera ambiri inali paundi imodzi pa chaka, ndarama zimene wosauka sanazione kawirikawiri. Linalolanso mwini munda, pa zaka zisanu zili zonse, kuchotsa banja limodzi mwa mabanja khumi popanda kunena chifukwa.

Koma mbali imene inalasa mtima wa mudzi ndi iyi. Mnyamata wobadwira pa munda, akakwana zaka 16, analibenso ufulu wokhala pamene anabadwira. Ndipo mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa pamudzi sanathe kumanga popanda chilolezo cha mwini munda. Inu nonse mudziwa mwambo wathu: kwa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, mkamwini ndiye adza kudzamanga kwa mkazi, ndipo mudzi ukula ndi nyumba za ana aakazi zozinga nyumba ya mai wao. Mbumba ndiyo mudzi. Tsono lamulo ili linaika dzanja la mlendo pakati pa mai ndi mwana wache. Ankhoswe akatha kupangana, panatsala kupita ku ofesi kukapempha malo a nsichi, ndipo yankho linali, Amange, koma alowe thangata. Akakana, mtsikana anasiya amache, nachoka. Nyumba yomangidwa popanda chilolezo inagwetsedwa. Mbumba zambiri zinamwazika motero, ndipo ndicho chifukwa chache ena a ife tili ndi abale ku Phalombe, ku Machinga ndi ku Balaka amene tidziwana nao pa maliro pokha.

9. Kutha kwa thangata

M'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anthu anachuruka, nthaka ya mafumu inadzaza, ndipo ochotsedwa m'minda analibe kopita. Ena anakana kuchoka. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams anatumidwa kudzafufuza za malo, nalangiza kuti Boma ligule nthaka imene eni minda sanali kuilima, ndi kukhazikapo anthu. Njala yaikuru ya 1949 inapeza nchito iyi isanapite patali, ndipo inagwa kolimba m'zigawo zomwezi. M'zaka zotsatira Boma linagula malo ambiri, pamodzi ndi mbali yaikuru ya Magomero, ndipo mabanja ochuruka anagona kwa nthawi yoyamba m'nyumba imene kapitao sanathe kugogodapo m'mamawa.

Koma ku Thyolo ndi kwina thangata anatsalabe. Mu Ogasiti 1953, chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, chipolowe chinabuka ku Thyolo nichifalikira m'maboma oyandikana. Anthu anatseka miseu, nakana lendi, ndipo anthu akuda 11 anaphedwa. Potsiriza, mu 1962, atsogoleri a dziko lino atalowa m'Boma, lamulo linathetsa thangata, zaka ziwiri ufulu wa 1964 usanafike. Kuchokera pa makalata a Johnston kufikira pamenepo zinapita zaka 70, ndiwo moyo wathunthu wa munthu. Analipo amene anabadwira m'thangata, nakalamba, nafera momwemo.

Tisaganize kuti tinyumba totero tinatha pomwepo. Utafika ufulu, minda ya fodya inachuruka m'chigawo chapakati ndi kumpoto, eni ache tsopano ali anthu akuda. Ndipo amene anapita kukakhala matenanti, m'zisakasa za udzu m'mphepete mwa munda, kudya chimanga cha ngongole kufikira fodya agulidwe, ambiri anali ochokera ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, adzukulu a anthu a thangata, osowa malo kwao. Nyumba ya Malamulo inaletsa mchitidwe umenewu mu 2021. Ndiponso pamene namondwe Freddy anagwa m'Malichi 2023, napha anthu oposa 1,000 ndi kusiya oposa 500,000 opanda pogona, ambiri amene anakokoloka anali omanga m'matsitso a mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje, kumene munthu samanga akakhala ndi pena pomanga.

10. Zimene zatsalira ife

Tsono tinene chiani pa tsiku la chikondwerero? Tili ndi mapempho atatu.

Loyamba lipita kwa inu aphunzitsi ndi alaliki, amene muyenda m'midzi sabata ndi sabata. Nkhalamba zimene zinaona tikiti ya thangata ndi maso ao zatsala zochepa. Amene anali anyamata mu 1962 lero ali ndi imvi. Khalani nao pakhonde, muwafunse: Agogo, munabadwira pati? Mudzi uja unali kutchedwa chiani? Manda a amai anu ali kuti? Lembani m'buku, nimulisunge pamodzi ndi mabuku a mpingo. Eni minda anasiya mabuku a ndarama ndi mapu. Anthu a m'tinyumba sanasiye pepala, ndipo tikapanda kulemba ife, maina ao adzatha monga zinathera nyumba zao. Alipo manda pakati pa tiyi ndi pakati pa mitengo, odziwika ndi kankhalango kokha. Ana athu ayenera kudziwa amene agona m'menemo.

Lachiwiri lipita kwa inu ana. Musachite manyazi ndi nyumba ya udzu imene agogo anu anabadwiramo, kapena ndi chilankhulo chimene analankhula. Ena a makolo athu anabisa Chilomwe chao kuopa kusekedwa, ndipo adzukulu ao lero sachidziwa. Munthu amene anagwira mgwazo wa bwana usana, nalima munda wache madzulo, nalera ana, natumiza mmodzi ku sukulu ndi ndarama za nkhuku, sali munthu woti mdzukulu wache amchitire manyazi.

Lachitatu nlolemera, ndipo lipita kwa ife tonse amene tagona pansi pa malata. Ambiri a ife tsopano tili ndi wanchito: mnyamata woweta ng'ombe, mtsikana wolera mwana, mlonda, kapena banja losunga munda wathu kutali. Madzulo ano, pobwerera kwanu, pitani kaoneni kumene agona. Weramani, lowani, penyani denga. Kodi lidontha? Kodi chitseko chitseka? Kodi mwana wa m'nyumba imeneyo apita ku sukulu, kapena tamletsa monga analetsedwera agogo athu? Kodi mwezi wache ndi mwezi wa kumwamba, kapena ndi mwezi wa pa tikiti umene sutha? Kodi nyengo yopalira timpatsa masiku a munda wache? Tanena kuti mdzukulu wa wosowa malo akhoza kukhala wochotsa anzache. Tisaloze ku Scotland kokha, pakuti chala chimodzi chikaloza kutali, zitatu ziloza mwini.

Mau oti thangata anabadwa aufulu, nagwidwa ukapolo zaka 70. Kuwamasula kuli m'manja mwathu. M'mudzi uli wonse umene mwachokera muli mai wamasiye amene denga lache silidzapirira mvula ya chaka chino. Udzu ukali kutchire, nsungwi zilipo, ndipo manja tili nao. Akuru a mpingo atchule tsiku mvula isanagwe, ndipo ife aphunzitsi tidzadza ndi ana a sukulu kudzasenza mitolo.